Nkhope Yobwereka

Ndakhala mumzinda wa Ghent, kwa azungu kuno, zaka zisanu ndi zinayi, koma kampani imene ndimaiperekera katundu pa njinga sidziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu wotchedwa Alseny, ineyo. Ndilibe mapepala ondiloleza kukhala m'dziko muno. Akaunti ya ntchito pa foni yanga ndi ya Dries, bambo wina wa konkuno amene anandibwereka, dzina ndi lake, chithunzinso ndi chake. Ine changa ndi miyendo basi.

Tsono foniyo sikhulupirira munthu. Ikangofuna imalira: jambulani nkhope yanu pasanathe mphindi makumi awiri. Ukachedwa, kapena chithunzi chikakanidwa katatu, akaunti amaitseka, ndipo kulibe ofesi yoti ukagwadeko. Ndiye ikalira ndimasiya zonse n'kuthamangira kwa Dries kukabwereka nkhope.

Lachinayi masana inalira ndili pa mlatho, mvula ikuwaza. Ndinapalasa ngati ndaba. Ndinakwera masitepe a nyumba ya Dries mpaka pamwamba, kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu.

Anatsegula mwaulesi, ali mu kabudula, akudya tchipisi cha mayonezi. Munthu ameneyu ndinkadana naye kuchokera pansi pa mtima, ndipo iye ankadziwa.

"Achimwene, nkhope," ndinatero, ndikutukula foni.

"Moni wake ndi ameneyo?" Anatembenuka dala. "Mawa galimoto ya zinyalala ikubwera. Tsitsa kaye matumba awiriwo."

"Nditsitsa tikajambula. Chonde, nthawi!"

"Nthawi ndi yako, nkhope ndi yanga."

Mukuona? Sabata yatha anandituma kukayendetsa galu wake. Ina ija ndinamunyamulira firiji. Koma wopempha sakweza mawu. Ndinatsika ndi matumbawo, limodzi likundidonthezera madzi onunkha m'nsapato, n'kukweranso ndili wefuwefu. Zinatsala mphindi zitatu.

"Yang'anani kuno tsopano."

Dries anayang'ana pansi. "Aa, iwe! Matope awa pa kapeti yanga? Kwanu mumalowa chonchi m'nyumba za anthu?"

"Ndipukuta, bwana."

"Eya, bwana. Bwerezanso, ndamva kukoma."

Ndinabwereza. Manyazi ake mpaka pano amandiwotcha. Ndinamuyandikizira foni, iye n'kutulutsa lilime, n'kupotoza maso, akuseka mpaka kutsokomola. Foni inakana chithunzicho. Kamodzi.

"Usanjenjemere, mphwanga," anatero. "Popanda ine m'tauni muno ndiwe ndani? Ngakhale galu wanga ali ndi mapepala."

Sindinaganize. Chibakera chinangopita chokha, phaa, pakati pa mphuno ndi diso. Anagwera pa mpando, tchipisi mbwee pansi. Ndisakunamizeni, mtima wanga unati mbee. Zaka zitatu ndikuchisunga chibakera chimenecho.

Kenako foni inalira m'manja mwanga. Mphindi imodzi.

Mayo ine! Ndinamudzutsa, n'kumugwira chibwano kuti ayang'ane kutsogolo. Magazi anali atayenderera m'ndevu, mphuno itapindikira kumanzere. Ndinajambula. Nkhope sikufanana, inatero foni. Kawiri.

Ndinavula malaya n'kuyamba kumupukuta, ine amene, mosamala ngati ndikusambitsa khanda. "Pepani achimwene, tsegulani disolo. Tsegulani pang'ono chabe!"

"Silikutseguka, chitsiru iwe!"

Linali litatupa kale. Ndinayesa kulikanula ndi chala, iye n'kukuwa. Ndinamupendeketsa mutu cha kuwindo kuti mbali yabwino iwale, ndinapemphera m'chinenero cha amayi anga, n'kudina.

Foni inazungulira, inazungulira. Kenako inalemba mwaulemu wake uja: Pepani Dries, sitinathe kukuzindikirani. Akaunti yanu yatsekedwa mpaka kalekale.

Ndinali chiimire, wopanda malaya, foni ili m'manja.

Dries analavula magazi pa kapeti yake yomwe ija, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo.

"Ine mphunoyi ipola pofika Lolemba," anatero. "Nanga iwe Lolemba ukadzuka upita kuti?"