Ana a M'chipinda cha Matsache

Aphunzitsi ankawatchula Amayi Kadzidzi, kumbali ndithu, chifukwa akalowa m'kalasi ankakhala kumbuyo phee, maso okhaokha, ndipo akachoka wina ankatsala akulira. Ntchito yawo inali yoyendera sukulu kukaona kaphunzitsidwe. Malamulo ake anali ochepa: usayankhule, usathandize, lemba zimene waona, ndipo zimene walemba sizifufutidwa ngakhale munthu akugwadire.

Tsikuli anabwera kudzaona mphunzitsi watsopano, wongochoka ku koleji, amene anali akadali pa nthawi yoyesedwa. Akamulemba bwino, amukhazikitsa pa ntchito. Akamulemba moipa, anyamula katundu.

Amayiwa sankakhulupirira kalasi yoyera. Anali ataona zambiri: matchati opachikidwa m'mawa womwewo guluu asanaume, ana oloweza mayankho dzulo lake, aphunzitsi aukali osanduka angelo mpaka belu litalira. Tsono atapeza ahedi akuwadikira pageti, chonsecho ulendowo unali wachinsinsi, mtima wawo unati pano pali kanthu.

"Mayi, mukaona nokha," anatero ahedi, kumwetulira mpaka mano a kumbuyo. "Ana athuwa ndi moto."

Analidi moto. Phunziro linali la masamu ochotsera, ndipo funso lisanathe manja onse anali m'mwamba, zala zikulira. Amayi Kadzidzi sanatengeke nazo. Anayang'ana mabenchi akumbuyo, oyandikana ndi mpando wawo. Panalibe mwana. Pansi pa benchi lina panali chikwama chong'ambika ndi pensulo yotafunidwa. Anaika dzanja pabenchipo, napeza kuti linali lisanazizire.

Anakweza maso, nakumana ndi maso a mphunzitsi uja. Iye anayang'ana kumbali msanga. Thukuta linali litamunyowetsa kolala, choko chinkamuthyokera m'manja, ndipo akalemba nambala imodzi pabolodi ankacheukira kukhomo. Wakuba amatero, anaganiza amayiwo, maso amathawira kumene wabisa.

Mwadzidzidzi mphunzitsiyo anaika choko patebulo.

"Pepani mayi, ndikubwera."

Anatuluka. Kusiya kalasi yokha pamaso pa woyendera! Amayiwo analemba. Kunja kunamveka kugunda, ngati wina akukhoma chitsulo ndi mwala. Kenako analowa, kumbuyo kwake kuli mzere wa ana otuwa ndi fumbi, wina kangaude ali m'mutu, wina atagwirabe tsache. Anakhala pamabenchi aja mwamanyazi, kuwazungulira amayiwo.

"Awa ndi a kalasi ino, mayi," anatero mphunzitsi. "Anali m'chipinda cha matsache. Ana inu, tiyambirenso."

Kuyambiranso kwake kunali kugwa kwa phunziro. Manja anachepa. Mtsikana wina wamtali, woti msinkhu wake unali wa kalasi yapatsogolo, anafunsidwa funso losavuta, nangoti kakasi. Mphunzitsi anagwada pambali pa benchi lake, natulutsa zitsekerero za mabotolo m'thumba, nayamba kuwerenga naye chimodzichimodzi. Anzeru akutsogolo aja anatopa kudikira, nayamba kutsinana ndi kuponyerana mapepala.

Munthu wina akanamva chisoni. Amayi Kadzidzi anamva mkwiyo. Ameneyu ndiye wochenjera kuposa onse, anatero mumtima. Waona kuti ndagwira benchi, wadziwa kuti ndamutulukira, ndiye wathamangira kudziyeretsa. Kugwadaku ndi sewero, zitsekererozi ndi sewero. Akuyesa ndinabadwa dzulo? Anawerama pa fomu yawo, nalemba mokanikiza mpaka bolopeni kutsala pang'ono kuboola pepala: anabisa ana ofooka, anawabweza ataona kuti wagwidwa, sanathe kulamulira kalasi. Belu linalira akulembabe, ndipo anawonjezera kuti phunziro silinathe.

Mwa dongosolo lake, ahedi ankayenera kuwerenga lipotilo ndi kusaina. Amayiwo anawapeza mu ofesi nkhope ili ndwii, akuseweretsa makiyi patebulo. Koma pamene ankawerenga, nkhope ija inkamasuka mzere ndi mzere.

"Mwaona bwino, mayi. Diso lanu ndi lakuthwa. Ine ndinamuletsa, koma anyamata a masiku ano samva. Kubisa ana? Pasukulu panga?"

Anasaina mwachangu, nadinda chidindo, namata envulopu ndi manja awo. Apa ndi pamene amayiwo anayamba kukayika. Zaka zonsezi anali asanaonepo mkulu wa sukulu akusaina lipoti loipa ndi chimwemwe chotere.

Njira yopita kugalimoto inkadutsa pa chipinda cha matsache. Chitseko chinali pululu. Loko anali akadali wotseka, akulendewera pa chitsulo chozulidwa pamodzi ndi misomali yake, mwala uli pansi. Munthu amene wabisa yekha ana sathyola loko, amakhala ndi kiyi. Amayiwo anaima pamenepo. Kumbuyo kwawo, pawindo la ofesi, anamva mawu a ahedi akukalipira mphunzitsi uja, opanda kumwetulira konse tsopano.

"Ndinati chiyani m'mawa? Ndinati akhale momwemo mpaka galimoto ichoke. Ukuyesa ndiwe mpulumutsi? Wadziphera wekha, mphwanga."

Amayiwo anafuna kubwerera. Koma kukanena chiyani? Pepala linali ndi dzanja lawo, siginecha ya ahedi ndi chidindo, ndipo kope lake linali kale m'kabati ya mu ofesimo. Anachita manyazi, manyazi enieni, otentha mpaka m'makutu.

Ali pafupi kukwera galimoto, mphunzitsi uja anawathamangira, chala chimodzi atakulunga ndi mpango.

"Mayi, ndikudziwa sizinayende. Ndalakwitsa zambiri, sindikana." Anapumira m'mwamba, kenako nkhope yake inawala ngati ya mwana. "Koma mtsikana wamtali uja, mwamuona? Chaka chonse sanayankhepo. Lero wachotsera yekha, belu litatsala pang'ono. Zimenezo mwalembako?"

Amayi Kadzidzi anafinya envulopu ija m'manja. Sanamuone mtsikanayo. Nthawi imeneyo anali atawerama, akulemba.