Gogodela ya a Ezara

"Kodi chitsulo chimenechi chigona m'nyumba muno mpaka liti?" anafunsa Imelda, tsache lili m'manja.

Mwamuna wake, Bernado, sanadzutse nkomwe mutu. Anali pakhonde, mfuti ili pamiyendo, akukhula dzimbiri ndi phulusa lonyowetsa ndi madzi a mandimu. Pabwalo, njinga zitatu za anthu a ku Mlolo zinali zitagona chagada sabata yachiwiri, kudikira mmisiri wawo.

Mfutiyo inali gogodela, ija yothirira onga kukamwa, ya bambo ake, a Ezara, amene anamwalira chaka chomwe Chitaganya chinayamba. Koma sinali ya Bernado. Pogawa zamasiye akuluakulu anatsata mwambo: katundu wa mwamuna amapita kwa mwana wa mlongo wake. Motero mfuti inagwera Yoweli, msuweni wake, munthu amene sanaphepo ngakhale njiwa. Bernado analandira chipewa.

Yoweli anaisomeka kudenga la nkhokwe kwa zaka zitatu, mvula ikuidonthera, chiswe chikudya mtengo wake. Nguluwe zitayamba kumufukulira mtedza m'pamene anakumbuka kuti ali ndi mfuti, komanso msuweni wodziwa zitsulo.

"Ikakanika usavutike nayo, msuweni," anatero poibweretsa. "Uisunge iweyo. Mfuti yakufa ndilibe nayo ntchito."

Mawu amenewo ndi amene ankamusowetsa mtendere Bernado. Kungoti "yakanika", basi, mfuti ya bambo ake ikhala yake. Ndani akanamutsutsa? Komabe manja ake ankachita zawo. Anasema mtengo watsopano wa mlombwa, naupaka mafuta a nsatsi mpaka unada ngati wakalewo. Fungo la mafutawo linkamubwezera kudambo la Pembamoyo, m'mawa wa mame, a Ezara ali patsogolo, akunyambita chala n'kuchikweza kuti amve kolowera mphepo. Onga ankauyeza pachikhatho. Akaphonya ankati nyamayo inali ndi mankhwala.

Tsiku lina Bernado anakoleza makala kuti awotche mpope wa mfutiyo, dzimbiri la mkati lisweke. Asanauike pamoto analowetsamo chitsulo chotsindirira, mwa chizolowezi chabe. Chitsulocho chinaima kutatsala zala zinayi. Akanauika pamoto, mpopewo ukanamuphulikira. Alenje akale sankasunga mfuti yopanda kanthu, ndipo a Ezara anapita kumanda atasiya yawo yodzaza.

Anathiramo madzi, nadikira, kenako anayamba kukoka ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga. Munatuluka tizidutswa ta misomali, onga wosanduka matope, ndi kansanza ka khaki kotsekera. Bernado anakatambasula pabondo. Kanali kathumba ka jekete la bambo ake la kutchalitchi, lija linapezeka tsiku lina lopanda thumba. Mayi ake anamwalira akunamizirabe makoswe. Bernado anaseka yekhayekha, mpaka Imelda anasuzumira pakhomo, n'kubwerera m'nyumba.

Loweruka m'mawa Yoweli anafika, matope ali m'miyendo.

"Mmisiri wa njinga zosayenda! Nanga nkhalamba ija yapuma?"

"Nkhalamba ndiwe, mlenje wa mphaka. Mfuti ya amalume ako kuisandutsa chisa cha mavu?"

"Inali pamalo abwino. Akuba sakwera nkhokwe yopanda chimanga." Yoweli anakhala pa chitsa. "Nena msanga, nguluwe zikundidikira. Ilira kapena yakanika?"

Bernado anayang'ana mfutiyo. Liwu lija linali pakamwa penipeni, lalifupi, losavuta. Analimeza. Anaimirira, nayeza onga pachikhatho, natsindira, namanga mfuti pa mtengo wa mango ndi luzi, kamwa yake kuloza kuthengo. Anamangirira chingwe chachitali pa kachitsulo kowombera, onse awiri n'kubisala kuseri kwa khola.

"Ikaphulika, ukauze amayi ako kuti wandipha ndiwe," anatero Bernado, n'kukoka.

Phuu! Nkhuku zinabalalika, masamba a mango anayoyoka, utsi woyera unayenda pang'onopang'ono pabwalo ponse. Kulira kwake kunali komwe kuja, kokhala ndi kachifuwa kumapeto, kumene kale kankauza mudzi wonse kuti lero kuli ndiwo. Kutsidya kwa mtsinje nkhalamba ina inalulutira.

Bernado anamasula mfuti, naipukuta ndi malaya ake, naipereka ndi manja awiri.

"Nayi. Uziipaka mafuta. Ndipo usaisiye yodzaza."

Yoweli anailandira. Anaiika paphewa molakwika, naitsitsa, nasisita mlombwawo ndi chala chachikulu. Anayang'ana manja a msuweni wake, akuda bii ndi dzimbiri, kenako anapita kukhonde n'kuitsamiritsa pakhoma.

"Alamu," Yoweli anaitana Imelda, "muipezere msomali wolimba. Nguluwe zija ndikazikumbira mbuna."