Chiuno Chimene Chinabereka

Pa 9 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, wonyamula katundu anagwa pa makwerero m'nyumba yosungiramo simenti. Sitepe yachisanu inali yomanga ndi waya. Anagwera thako lakumanzere. Tsiku lomwelo anamujambula ekisileyi pa kachipatala kapafupi, ndipo envulopu ya chithunzicho anatenga ndi kapitawo, woyang'anira makwerero, yemwenso ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

"Inu kagoneni, alamu," anatero kapitawoyo. "Zamapepalazi ndisiyireni ine."

Pa 2 Epulo dokotala wa kampani analoza chithunzicho ku windo, osatha ndi mphindi yomwe, n'kunena kuti mafupa onse ali bwinobwino. Pa 5 Epulo anamuchotsa ntchito chifukwa chonamizira kuvulala. Kalata yomuchotsa ntchitoyo inati ngati ali ndi dandaulo, alipereke pasanafike pa 5 Okutobala. Anzake akamuona akukoka mwendo pamsewu ankakuwa kuti, "Agogo, seweroli likutha liti?"

Pa 21 Ogasiti, atalephera kuvala buluku ali chiimire, anapita ku chipatala chachikulu. Dokotala wa kumeneko, mayi wa magalasi okhuthala, anamugoneka cham'mbali n'kumukanikiza chiuno mpaka anafuula. Kenako anamutumiza kukajambulidwa.

Chithunzi chatsopano chitabwera, anachipachika pa bokosi lowala.

"Onani apa. Msana umathera pa fupa ili looneka ngati khasu. Mbali zonse ziwiri lalumikizana ndi mafupa a chiuno. Mfundo ziwirizi sizisuntha kwenikweni, koma thupi lonse limatsamira pamenepa. Mpata wa kumanjawu ndi wopyapyala. Wa kumanzerewu watseguka. Simukunama, bambo."

Kwa miyezi isanu panalibe amene anamuuzapo mawu amenewo. Anayang'ana pansi.

"Koma chithunzichi sichinganene tsiku limene munavulala," dokotala anapitiriza. "Chakale chija muli nacho?"

Anali nacho, poti kampani inamubwezera limodzi ndi kalata. Dokotala anachipachika pambali pa chatsopanocho, anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kenako anaitana wojambula ekisileyi, bambo wadazi amene ankadutsa pakhomo.

Wojambulayo anangoponya diso pa chithunzi chakalecho, n'kuphulika nako kuseka.

"Akulu, muli ndi ana angati?"

"Atatu."

"Ayi, ndikunena obereka inuyo, ndi mimba yanu."

Dokotala anamugunda ndi cholembera kuti akhale chete. Ndiye anafotokoza pang'onopang'ono. Chiuno cha pa chithunzi chakalecho chinali chotakasuka, mafupa a kutsogolo atakumana motambalala, pamene chake chinali chopanikizika. M'munsi mwa mfundo ziwiri zija munali kangalande mbali zonse.

"Kangalande kozama chonchi timakaona kawirikawiri mwa amayi, makamaka amene anaberekapo. Za ana sindingalumbire. Koma chiuno ichi ndi cha munthu wamkazi, si chanu."

Wojambula anamatula ndi chikhadabo kapepala ka dzina kamene kanamatidwa pakona. Pansi pake, pamene makina amadinda dzina ndi tsiku, panali podula ndi sizasi.

Ali m'minibasi pobwerera, anakumbukira. Mwana wachitatu atabadwa, mkazi wake anatha miyezi iwiri akuyenda mogwira khoma, ndipo kuchipatala anamujambula chiuno. Chithunzicho ankachisunga m'sutikesi ya pamwamba pa kabati, pansi pa makhadi a sikelo a ana.

Anafika kunyumba 3 koloko masana. Mkazi wake ankasita yunifomu ya mwana pa tebulo. Iye anakokera sutikesi pansi ndi ndodo ya tsache. Envulopu inalimo. Mkati munalibe kanthu.

Anaika chithunzi chakale chija pamwamba pa yunifomu.

"Mayi a ana, mwadzizindikira?"

Mkaziyo anaimika simbi. Sanachigwire chithunzicho.

"Achimwene ali ndi ana asanu ndi awiri," anatero motsitsa mawu. "Anati zikadziwika za waya uja, ntchito yawo yatha. Anati inu mukagona masabata awiri mudzuka, nkhani n'kufera pomwepo. Zoti akuchotsani sanandiuze."

"Nanga atandichotsa? Munkandithira madzi otentha pamsana tsiku ndi tsiku, pakamwa muli tseke."

"Ndinkaopa, bambo."

"Changa chili kuti?"

"Anapita nacho iwowo."

Anaimbira mlamu wake katatu. Kachitatu foni inali yozimitsa. M'mawa mwake anapita ku kachipatala kaja, kumene kalaliki anamuonetsa dzina lake m'buku la pa 9 Malichi, koma anati iwo sasunga zithunzi, chimakhala chimodzi chokha chimene wodwala amatenga.

Kalata imene dokotala wa magalasi anamulembera ikutsimikiza zinthu ziwiri: kuti mfundo ya kumanzere ndi yovulala, ndiponso kuti chithunzi chimene kampani inaona si chake. Akaipereka ku kampani ngati dandaulo, afunsidwa kuti chiunocho ndi cha ndani, ndipo yankho lake limagona naye chipinda chimodzi. Pa 22 Ogasiti kalatayo inali idakali m'thumba la jekete. Ngati chithunzi cha pa 9 Malichi chilipobe kapena chinatenthedwa, akudziwa ndi kapitawo yekha.