Tsiku Limene Amake Mapasa Anasekanso

Amake mapasa ankachapa tinsalu tawo kuseri kwa bafa, kumene odutsa sakanawaona. Tinsaluto sankatiyanika panja ayi, koma kuchipinda, kuseri kwa chitseko. Chibadwire mapasa zaka zinayi zapitazo, mkodzo unkangowathawa akatsokomola, akanyamula ndowa, makamaka akaseka. Choncho analeka kuseka.

“Aneba! Muli kuti? Ndabwera ndi nkhani yabwino!”

Anali anamwino a nyumba yoyandikana nayo, akadali mu yunifolomu. Anaona beseni la tinsalu tija, nayang'ana kumbali ngati sanaone kanthu. Ndi okhawa amene ankadziwa. Anali atawaphunzitsa kulimbitsa minofu ya m'munsi kwa miyezi ingapo, ndipo zitakanika anawaperekeza kwa adokotala kukayezedwa.

“Adokotala akuti mubwere Lachiwiri. Opaleshoni ija yatheka!”

“Lachiwiri lomweli? Ambuye wanga!” Amake mapasa anagwira pakamwa ndi dzanja lathovu. Kenaka nkhope inagwa. “Koma Loweruka abambo a kunyumba aitana akuluakulu a banja. Akuti mkazi wosaseka ndi mwamuna wake ndiye kuti mtima uli kwina.”

Amuna awo anali akalipentala, munthu wa nthabwala. Kale akangolowa pakhomo nyumba yonse inkadzaza phwete. Masiku ano akayamba nthabwala, akazi awo ankaluma mlomo n'kutuluka.

“Ndiye simunawauzebe?” anafunsa anamwino.

“Ndiyambira pati, anzanga? Mayi wamkuluwamkulu ngati ine?”

“Muyambira pa Lachiwiri. Tsukani m'manja, tiyeni.”

Anawapeza akalipentala akupala thabwa pashedi. Amake mapasa anapemphera chamumtima, nafotokoza zonse maso ali pa utuchi umene unali pansi. Akalipentala anaika pansi chopalira chija pang'onopang'ono.

“Zaka zinayi? Ine ndimayesa nthabwala zanga zinasukuluka!”

“Zina zinasukulukadi,” anatero anamwino, “koma vuto si limenelo. Pobereka, minofu yogwira njira ya mkodzo imatha kufooka. Zimachitikira amayi ambiri. Si uve, si tsoka. Ena amachira ndi masewera olimbitsa minofu, ena ndi mankhwala. Akazi anuwa, adokotala aona kuti akufunika opaleshoni yochirikiza njirayo kuti izitseka bwino.”

“Si yoopsa?” anafunsa akalipentala.

“Opaleshoni iliyonse ili ndi zofunika kusamala, ndipo adokotala akufotokozerani nonse awiri. Ambiri amatuluka msanga. Koma masabata asanu ndi limodzi asanyamule cholemera. Ndipo inu bambo, zakuchipinda mudikire.”

“Mwamva, ndowa n'zanga!” anatero akalipentala, akuchita ngati sanamve mawu omalizawo. Za akuluakulu aja sanazitchulenso.

Lachiwiri akalipentala anaperekeza akazi awo kuchipatala atanyamula chikwama. Amake mapasa atabwerera kunyumba, anapeza kampando katsopano m'bafa, kopalidwa bwino. Sanauzidwe kanthu za kampandoko, nawonso sanafunse. M'mawa uliwonse ankapeza kapu ya madzi pambali pa bedi, pakuti anamwino anali atanena kuti aleke chizolowezi chodzimana madzi.

Masabata aja atatha, adokotala anati bala lapola. Tsiku lotsatira akalipentala anakakamirabe kuchapa. Anayanika zovala zonse pachingwe, nabwerera m'mbuyo kuti asirire ntchito yawo. Chingwe chinaduka. Pothamangira kuwakha malaya, anaponda sopo n'kukhala m'beseni, miyendo m'mwamba.

“Mayi, ndapeza mpando wina!”

Amake mapasa anayesa kuluma mlomo, koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, mpaka kugwira mzati wa khonde. Mwadzidzidzi anasiya. Anaima chilili, nagwira nsalu yawo kumbuyo.

“Palibe! Aneba, bwerani! Ndaseka, koma palibe ngakhale dontho!”

Anamwino anatulukira akuthamanga, mpeni wa anyezi uli m'manja, ndipo anakumbatirana akulumphalumpha. Amayi awiri a nyumba zapafupi anasuzumira pampanda kufunsa chimene chachitika. Amake mapasa, amene anabisa zaka zinayi, anawauza okha.

“Mkodzo ukamakuthawani musabise,” anatero. “Ndi matenda, ndipo chithandizo chilipo. Pitani kuchipatala, ndipo uzani wa kunyumba.”

Mmodzi wa amayiwo anayang'ana pansi, nafunsa chapansipansi tsiku limene adokotala amaona anthu. Anamwino anamuyankha chapansipansinso.

Akalipentala anadzuka m'beseni muja, buluku likudontha. Nthabwala inalipo yoti anene, koma sanainene. Anaima pamaso pa akazi awo, anthu onse akumva.

“Amake mapasa, inu munkavutika m'nyumba mwanga momwe, ine n'kumakuganizirani zoipa, osafunsa n'komwe. Ndinalakwa. Ndikhululukireni.”