Mlembi wa m'seva anakana kaundula watsopano

Achemwali, maloto awa andisiya mtima uli m'mwamba. Ndinawodzera masana pa desiki, nditalimbana masiku atatu ndi seva, kompyuta yosunga tsamba la pa intaneti la sukulu ina, imene ikungodzaza ndi malogi, mafayilo olembamo aliyense wotsegula tsambalo.

Ndinalota ndili m'kati mwa sevamo, motentha, monunkha fumbi lopserera. Pakona panali bambo wina wa jekete lakuda, akulemba m'kaundula aliyense wotsegula tsambalo. Ndinawalanda kaundula wodzazayo n'kuwaikira watsopano, monga mmene makina amayenera kuchitira okha m'mawa uliwonse. Mkono wawo unangotalika ngati mphira, n'kumalembabe m'wakale uja. Ndinaponya kaundula wakaleyo pamoto, iwo n'kumalemba paphulusa. Mapepala anatumphuka mpaka kundifika m'khosi. Kunja makolo ankagogoda, akufuna zotsatira za mayeso a ana awo.

"Bambo, chonde siyani!" ndinakuwa, pepala lili m'kamwa.

Anandiyang'ana mofatsa. "Mayi, mwasintha buku, koma ine simunandiuze."

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, abwana akuimba foni, disiki ya sevayo itatsala pang'ono kudzaza. Kodi pulogalamu yolemba malogi nayonso imadikira kuuzidwa kuti itsegule fayilo yatsopano? Sindikudziwa, achemwali. Masiku atatu ndakhala ndikuitukwana, koma kuiuza ayi.