Galimoto Yotsirika ya Hazel

A Darlington anayamba kugwira sipanala ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ku Ndirande, akukwawa pansi pa maminibasi amene eni ake anali atataya nawo mtima. Lero ali ndi imvi, ali ndi kagalaja kawokawo kuseri kwa mashopu a golide ku Belgrave, ndipo manesi a Chimalawi mu Leicester muno amawadziwa onse ndi manambala a galimoto zawo. Amangotchera khutu n'kutchula matenda a injini mwini wake asanatsike n'komwe. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Hazel, wobadwira konkuno, anali asanawabweretserepo galimoto yake ngakhale tsiku limodzi. Zinkawawawa kwambiri. Mzinda wonse uziti ndiwe katswiri, mwana wako yekha azikulambalala?

Ndiye Loweruka lina m'mawa galimoto yoyera, yonyezimira, inakhota n'kulowa pageti.

"Dadi, mabuleki akumbuyo akulira," anatero Hazel m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. "Komwe ndinagula akuti ndidikire masabata atatu."

A Darlington anaiwala tiyi amene anali m'manja. Anathamanga kukaitana a Aboobaker, mmwenye wogulitsa matayala pakhomo loyandikana nalo, wobadwira ku Limbe, amene Chichewa amachitafuna kuposa ana athu.

"Bwerani mudzaone, achimwene! Bwana wamkulu wabwera lero. Iwe Hazel, khala pampandopo uone mmene bambo ako amadyera."

Ntchito yake inali ya mphindi makumi awiri basi. Koma galimoto za masiku ano buleki yoimikira ndi yamagetsi, ndipo siimasuka mpaka kompyuta ya m'galimotomo italola. A Darlington analumikiza makina awo. Kompyuta inakana. Anayesanso, inakananso, n'kufunsa nambala ya makaniko wovomerezedwa ndi kampani.

Nambalayo analibe. Chaka chatha anaitanitsa mafomu ake, ataona kuti akufunika pasipoti ndi kalata yotsimikiza kuti si wakuba, anawang'amba pakati. Zaka makumi anayi anthu akuwasiyira makiyi, lero akapemphe kalata yoti si mbava?

"Aitsirika imeneyo," anatero a Aboobaker. "Mayiko anakumana ku Geneva, anagwirizana kuti galimoto zatsopano zizitetezedwa kwa akuba a pa intaneti, ndipo mapulogalamu ake asamangogwidwa ndi aliyense. Basi opanga angokhoma chitseko, kiyi aika m'thumba mwawo."

"Kutsirika kwa mtundu wanji kumeneko?" A Darlington anamenya sipanala patebulo. "Kwathu munthu amatsirika munda kuti agwire wakuba, osati waganyu amene wamuitana yekha kudzapalira! Anthu a ku Genevawo anagonapo pansi pa galimoto? Anapsapo ndi oyilo?"

Anali ndi chifukwa chopsera mtima. Lamulo loteteza anthu ndi labwino, palibe akukana. Koma amene amalemba malamulo sayang'ana nkhope ya munthu amene atsekeredwe kunja, ndipo makampani nawo apezerapo poyambira.

Hazel anayang'ana wotchi. "Zisiyeni, Dadi. Ndingodikira masabata atatuwo."

Mawu amenewo ndiwo anawamaliza. Mwana abwere kamodzi kokha, abwerere mabuleki akulirabe, akauze anzake kuti bambo ake analephera?

"Khala pansi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene," anachenjeza a Aboobaker.

"Nkhonoyo mukaidikire inuyo."

Anagwada, analowetsa mutu pansi pa chiwongolero, anapeza kabokosi kakuda kamene kamalondera kompyuta, anakazula n'kudutsitsa waya wawo. Buleki inamasuka. Anasintha mapadi a mabuleki aja, anapukuta, anamanga, anabwezera kabokosi kaja pamalo pake. Ntchito yaukhondo, yoti ngakhale amene anaipanga galimotoyo akanavula chipewa. Hazel analowa, analiza injini, anaponda buleki kangapo. Zii. Anawamwetulira bambo ake, ndipo a Darlington anamva ngati atalika ndi mkono wathunthu.

Pomwepo foni inalira. Popeza inali yolumikizidwa ku galimoto, mawu anamveka m'masipika, galaja yonse n'kumamva. Anali mayi wa kukampani, waulemu wozizira uja wa anthu owerenga papepala. Anati galimoto yawadziwitsa kuti wina wasokoneza chitetezo chake, ku Belgrave, theka la ola lapitalo.

"Kodi mwalola munthu wosavomerezedwa kuti aigwire? Ngati ndi choncho, walanti yanu, pangano lija loti tizikukonzerani ulere, itha lero, ndipo tisiya kuitumizira mapulogalamu atsopano. Koma ngati ndi munthu amene simukumudziwa, tilemba kuti panali wofuna kuba, ndipo tidzaiona ife."

A Darlington anawongoka, nsanza ya oyilo ili m'manja. Ankafuna mayiyo amve. Mumtima ankati: Awuze, mwanangu. Awuze kuti ndi bambo ako, makaniko wa zaka makumi anayi, amene anakuphunzitsa mpaka kuyunivesite ndi manja omwewa.

Hazel anayang'ana chiwongolero.

"Ayi, sindinalole aliyense. Ndinangoimika pafupi ndi kagalaja kena ndikukagula zinthu."

"Wa pagalajapo mukumudziwa?"

"Sindikumudziwa."

"Pepani kwambiri. Musamaimikenso malo ngati amenewo."

A Aboobaker anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya shopu yosatseka, n'kutuluka atazyolika.

Mkwiyo wa a Darlington unasowa pogwera. Mayi wa pafoni anali atadula kale. A ku Geneva sadziwa n'komwe kuti kuli Belgrave. Ndipo mwanayo, kunena zoona, anachita zimene aliyense wanzeru akanachita, ndipo n'zimene zinkapweteka kopambana. A kukampani anamuikira msampha woti asankhe pakati pa galimoto ndi bambo ake, iye anasankha osapuma n'komwe.

Hazel anatsitsa galasi. Ulendo uno anayesa Chichewa, chopindika ngati cha mzungu wamishoni.

"Dadi, ndi mawu chabe. Mwamvetsa, eti?"

A Darlington anatenga nsalu yoyera, anapukuta bwinobwino zidindo za zala zawo za oyilo pachitseko, pachogwirira ndi pagudumu, mpaka pasatsale chizindikiro choti anaigwirapo. Kenako anakatsegula geti, anaima pambali, n'kumamukodola ndi dzanja monga amachitira ndi kasitomala aliyense.

"Bwererani m'mbuyo, mayi. Bwererani, kulibe galimoto kumbuyoku. Muyende bwino."