Ndevu za a Dewey ndi Kabokosi ka Mayi Treadway

Ndevu za a Dewey Hartsell zinali zitafika pa batani lachitatu la malaya. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, bamboyu anaimba foni ku wailesi ya m'tauni ya Tallow Creek, ku Mississippi, n'kulumbira tauni yonse ikumva kuti sadzameta mpaka Akamba, timu ya koleji yakwawo, adzasankhidwe kulowa m'chipulula cha mpira wa makoleji. Akambawo anayenda monga mwa dzina lawo.

Tsono zinthu zinafika pothina. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marnie, anali kudzakwatiwa mu Januwale, ndipo ananena mosapsatira mawu: "Adadi, ine tsache silindiperekeza m'tchalitchi. Mukapanda kumeta, andigwira dzanja amalume."

Mawuwa anawalasa mtima a Dewey, makamaka poti amalumewo ankachemerera timu ina.

Chaka chimenecho Akamba anali atagonja kamodzi kokha. Koma m'chipulula salowamo ndi zigoli zokha, pali komiti imene imadzitsekera m'chipinda n'kusankha matimu khumi ndi awiri. Komitiyo inkati imayang'ana kaseweredwe basi. A Dewey ankangoti pfuu.

"Kaseweredwe kachani? Akufuna matimu amene amaoneredwa ndi anthu ambiri pa TV. Nanga ife amationera ndani? Ine ndi galu wanga."

Poti anali wokonza ma TV, Loweruka lililonse ankayatsa onse makumi awiri ndi atatu a m'shopu mwawo, ngakhale aja otulutsa mawu opanda chithunzi. Marnie ndiye anawadula miyendo.

"Mukungotha magetsi, adadi. Owerengetsa oonera TV amangowerenga nyumba zimene anaikamo kabokosi kapadera. Nyumba imodzi yotero imaimira anthu zikwizikwi."

Pamenepo a Dewey anakumbuka. Mayi Opal Treadway, wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, amene anagwira ntchito yometa anthu mpaka msana utakana, anali ndi kabokosi koyera pambali pa TV, ka batani limodzi lofiira. Anathamangirako.

"Mayi, kabokosi aka mukakadina, kutali uko amadziwa?"

"Amadziwa pompo," anayankha mayiwo. Sananame.

Vuto linali lakuti Mayi Treadway ankangoonera pulogalamu yophika makeke. A Dewey anawatchetchera kapinga, anawakonzera mpanda, anawasambitsira mphaka amene anawakanda mpaka m'ndevu. Mayiwo anali asanasamalidwepo chotere chimwalirireni amuna awo, ndiye sanaone chifukwa chofunsira mafunso. Anavomera kuonera masewero omaliza a Akamba.

Loweruka masana mpira utayamba, mayiwo anapita kukhitchini kukatenga tiyi wozizira. A Dewey anadina batani lija kamodzi, kudziwerengera okha. Anadina kachiwiri, kuwerengera mayiwo. Anadinira galu, anadinira mphaka, anadiniranso malemu Bambo Treadway amene anali pachithunzi chapakhoma, poti nawonso anayang'ana ku TV komweko. Kabokosi kanayamba kulankhula, koma iwo anakweza TV kuti kasawasokoneze.

Posakhalitsa panja panalira ambulansi, pambuyo pake galimoto yozimitsa moto. Analowa amuna asanu ndi machira.

"Wagwa ndani?" anafunsa wamkulu wawo, a Lonnie Vickers, amene anaphunzira limodzi ndi a Dewey.

"Palibe wagwa. Tikuwerengetsa oonera."

"Iwe Dewey, ndevuzi zakudya ubongo eti? Kabokosi ako n'koitanira ife mayiwa akagwa kubafa!"

Mayi Treadway anaseka mpaka tiyi anatayikira pamkeka. A Lonnie akanakalipa zambiri, koma maso awo anagwera pa TV pamene wosewera wa Akamba anali kuthawa ndi mpira. Onse asanu anakhala pamachira paja mpaka masewero anatha. Akamba anapambana.

Lamulungu masana komiti inalengeza matimu ake. A Dewey anawerenga ndi zala, kufika khumi ndi awiri, n'kuyambiranso. Akamba anali a nambala khumi ndi zitatu.

A Dewey anakakhala pakhonde la Mayi Treadway manja ali m'ndevu. Chipululacho sichinawapweteke kwenikweni. Chimene chinawawawa chinali kuona m'maganizo mwana wawo akuyenda m'tchalitchi atagwira dzanja la munthu wina, iwo ali pabenchi ngati mlendo.

"Kodi pawailesi paja munalumbira kuti chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Kuti sindidzameta."

"Eya. Nanga munanenapo kuti simudzametedwa?"

Kunena zoona, njira yozembera imeneyi inali yowonda ngati ulusi, koma a Dewey anaigwira ndi manja awiri. Mayiwo anatulutsa lumo lawo lakale, anawamanga nsalu yapatebulo m'khosi, ndipo ndevu za zaka zisanu ndi chimodzi zinadzaza chidebe. Galu atawaona anawauwa.

Marnie anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Anaima pamasitepe n'kuyamba kuti, "Pepani bambo, ndikufuna ada..." Kenako anawazindikira. Anawagwira masaya oyera mbuu aja ndi manja onse awiri, misozi ili mbwe.

"Kani mumamwetulira?"

"Nthawi zonse ukalowa pakhomo, mwanawe," anatero a Dewey. "Kungoti sunkaona."